Khoma limene linkalira m'chipinda chathu chapansi

Nyumba yathu ili pamtsetse, chakumunsi kwa phiri la Michiru ku Chilomoni, ndipo monga zilili nyumba zambiri za m'malo otsetsereka a mumzinda wa Blantyre, amene anaimanga anayamba wadula kaye mtunda kuti apeze poika maziko. Munthu akafika kuchokera kumsewu amaona nyumba wamba yopanda nsanjika, koma akazungulira kuseri amapeza kuti pansi pake pali chipinda china chachikulu, chimene amisiri amachitchula kuti besimenti. Khoma lake lakumtunda, lotalika mamita 9 ndi msinkhu wa mamita 2 ndi theka, lili m'dothi pafupifupi lonse, makoma awiri am'mbali ali m'dothi mwatheka, ndipo lakumunsi lokha ndi limene lili ndi chitseko ndi mawindo. Pamene tinkagula nyumbayi mu 2019 munali mwezi wa Seputembala, kunja kuli gwa, ndipo chipindacho chinali chitangopakidwa penti yoyera. Lero ndikaona penti yatsopano m'chipinda chapansi cha nyumba yogulitsa ndimayamba kufunsa mafunso, koma nthawi imeneyo ndinangoyamikira mwininyumba kuti ndi munthu waukhondo.

Zaka ziwiri zoyambirira chipindacho chinkangonunkha chinyontho, fungo lija limene limatuluka m'sutikesi ya zovala imene yakhala miyezi yambiri osatsegulidwa, ndipo ife tinkaganiza kuti ndi mmene zipinda zapansi zimakhalira. Tinkasungamo matumba a chimanga ochokera kumudzi, njinga, mabuku ndi katundu wina wosowa pomuika. Madzi enieni tinawaona koyamba kumapeto kwa Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana, uja anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, anadutsa m'chigawo chakummwera. Matumba atatu amene anali pansi penipeni ananyowa, ndipo titawamasula patapita sabata tinapeza chimanga chitachita chuku, china chitayamba kumera momwemo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufotokoza zimenezi chifukwa ndaona anzanga angapo akulakwitsa mofanana. Ndinaitana mnyamata wopenta amene ankagwira ntchito pa nyumba ina pafupi nafe. Iye analowa, n'kuyang'ana khoma kwa mphindi zosakwana zisanu, ndipo anati, "Bwana, ili ndi vuto laling'ono. Tipake phula makoti awiri, pamwamba penti ya oyilo, madzi sadzabweranso." Sanatuluke panja kukaona kumene khomalo latsamira, ndipo ine sindinamufunse kuti madziwo akuchokera kuti. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo sindinadye, koma ndinalilipira, pamodzi ndi penti ndi ntchito yomwe. Mvula yotsatira isanafike n'komwe pakati, khoma linatuluka matuza aakulu ngati chikhatho, ndipo mwana wathu wamng'ono anatulukira masewera oboola matuzawo ndi msomali kuti aziona madzi akutsika.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva munthu akakhala pansi. Phula limagwira bwino ntchito likakhala kumbali imene madzi akuchokera, chifukwa madziwo amalikanikizira kukhoma. Likapakidwa m'kati, madzi amadutsa m'njerwa n'kudzalikankha kuchokera kumbuyo, ndiye limasendeka ngati khungwa la bulugamu. Choipa kwambiri n'chakuti khoma limene poyamba linkauma pang'onopang'ono kudzera m'pulasitala tsopano linatsekedwa pakamwa, ndipo chinyontho chinayamba kukwera mpaka kumakoma a chipinda chogona cha pamwamba.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Sindingaike vuto langa pa mlingo umodzi ndi zimene zinagwera abale athu a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinakokolola nyumba ndi miyoyo ya anthu ambiri. Ife tinangotaya katundu. Koma m'masiku amenewo madzi m'chipinda chapansi anafika mu akakolo, ndipo usiku wina ndinatsika ndi tochi n'kumva khoma likudontha m'malo angapo nthawi imodzi, ngati munthu amene akulira mwakachetechete. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti pamwamba pa khoma limeneli ndi pamene pagona ana anga.

Lamlungu lotsatira ndinafotokozera mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene anagwira ntchito ya uinjiniya wa misewu ndi ngalande kwa zaka zambiri asanapume. Ndinkayembekezera kuti andipatsa nambala ya kampani, koma iwo anangoti, "Achimwene, musaitane aliyense panopa. Gulani kope ndi pensulo. Muzilemba tsiku limene mvula yagwa, ola limene khoma layamba kunyowa, ndi malo ake enieni. Khomalo likuuzani lokha chimene likudwala." Anabweranso kudzaona ngati khomalo lili ndi mng'alu wopingasa kapena ngati latupa pakati, chifukwa zizindikiro ziwirizi, anatero, sizifuna wopenta kapena mmisiri wa pulasitala, zimafuna injiniya ndiponso kusamutsa anthu ogona pamwamba. Anayeza ndi chingwe ndi levulo, n'kupeza kuti khoma lili chilili, kupatula timing'alu ting'onoting'ono totsika, timene anatilemba mizere ya pensulo kumapeto kwake kuti tidzaone ngati tikukula. Sitinakule.

Anandiwerengeranso masamu amene sindidzaiwala. Madzi akaima kuseri kwa khoma kufika mita imodzi, amakankha pansi penipeni pa khomalo ndi mphamvu yofanana ndi tani imodzi pa sikweya mita iliyonse. Dothi la kuseri kwa khoma lathu likanakhuta madzi kufika mamita 2, ndiye kuti mita iliyonse ya m'litali mwa khomalo ikanasenza mphamvu ya matani 2 ya madzi okha, osawerengera dothi, kutanthauza matani 18 pa khoma lonse, kulemera kwa matumba 360 a simenti. Nditamva zimenezi ndinasiya kuona nkhaniyi ngati ya penti yosendeka.

Ndinagula kope lija, ndipo kuyambira pakati pa Malichi mpaka mu Julayi ndinkatsika m'mawa ndi madzulo, kuzunguliza pensulo m'malire a malo onyowa ndi kulemba tsiku pambali pake. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha masabata ochepa mizereyo inayamba kusonyeza kuti chimene ndinkachitcha vuto limodzi chinali mavuto anayi osiyana, ndipo lililonse linali ndi nthawi yake ndi khalidwe lake.

Loyamba kuonekera linali pangodya yakumanja, cha pamwamba. Mvula ikagwa yamphamvu, pasanathe ola limodzi malowo ankada, ndipo dzuwa likawala masiku awiri ankauma. Madzi ofulumira chotero sakhala ochokera pansi pa nthaka, ndi a padenga kapena a pabwalo. Tsiku lina ndinavala jombo n'kukaima panja mvula ikugwa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pa zaka zoposa zitatu za m'nyumbayi, ndipo ndinaona paipi yotsitsa madzi a m'gata ikukhuthulira madzi onse pa kakhonde kong'ambika, masentimita ochepa kuchokera pakhoma. Mbali ya denga imene imathira m'gata limenelo ndi masikweya mita pafupifupi 70. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, choncho mvula ya mamilimita 40, imene si yachilendo m'Blantyre, inkathira malita 2,800 pangodya imodzi, migolo 14 ya malita 200. Ndinaonanso kuti dothi la pabwalo linatitimira m'mbali mwa nyumba, mwakuti bwalo lonse linkapendekera kukhoma.

Lachiwiri linali laulesi koma louma mutu. Linkayamba patapita tsiku limodzi kapena awiri mvula itagwa, linkatulukira pamene khoma limakumana ndi simenti ya pansi, m'litali monse, ndipo silinaleke mpaka kumapeto kwa Meyi, mvula itasiya kalekale. Amenewa ndi madzi a m'nthaka, amene amalowa kumtunda n'kumatsika pang'onopang'ono m'dothi mpaka atakumana ndi chowatchinga. Agogo ena amene akhala m'dera lino kuyambira kale anandiuza kuti kusanamangidwe nyumba, cha pamene pali mpanda wathu pankadutsa kamkwawa kamene kankayenda madzi nthawi ya dzinja. Madzi saiwala khwawa, ndipo ife tinali titagula nyumba yokhala pa njira yawo. Pamwamba pa mzere wonyowawo pankatsala ufa woyera wonga mchere, umene ndinkaupukuta koma n'kubwereranso. Umenewu ndi mchere wa m'njerwa ndi m'simenti umene madzi amausungunula podutsa, n'kuusiya pakhoma iwo akauma, ndipo ndi umboni woti madziwo adutsadi m'khoma.

Lachitatu linandipusitsa nthawi yaitali. Pa khoma lam'mbali, pansi pa bafa, panali chibanga chozungulira chimene sichinkasamala kaya kwagwa mvula kaya ayi. Pofika mu Julayi malo ena onse anali atauma, icho chili chinyowere. Usiku wina tinatseka mipopi yonse, tinatseka vavu ya thanki ya chimbudzi, ndinalemba manambala a pa mita ya Blantyre Water Board, ndipo m'mawa ndinapeza kuti mita yayenda ngakhale kuti palibe anatunga madzi. Pulambala atakumba anapeza paipi yakale yachitsulo itadyeka ndi dzimbiri polumikizira. Vuto limeneli ndi limene linatha ndi ndalama zochepa kwambiri, ndipo bilu ya madzi inatsika mwezi wotsatira. Ndikanaitana kampani yotseka madzi ndisanayese mita, ndikukhulupirira kuti chibangacho chikanawerengedwa pa ntchito yawo, ndipo chikanabwerera.

Lachinayi silinali kudontha n'komwe. Khoma lakumunsi, limene silikhudza dothi, nalonso linkachita thukuta masiku otentha ndi achinyezi. Ndinamata pepala la pulasitiki pakhomalo ndi selotepi mbali zonse zinayi, linanso pa khoma lakumtunda, n'kuwasiya masiku atatu. Lakumtunda linanyowa kunsi kwake, kusonyeza madzi ochokera m'khoma, pamene lakumunsi linanyowa pamwamba, kusonyeza kuti ndi mpweya wofunda wachinyezi umene ukusanduka madzi pokhudza khoma lozizira, monga zimachitikira pa botolo lochokera mufiriji. Mankhwala ake anali kuboola timawindo ta mpweya ndi kuchotsa katundu amene anaunjikidwa kukhoma.

Panalinso nkhani ya aneba akumtunda, imene ndinaizengereza kwa milungu ingapo. Mu 2021 iwo anawaka simenti bwalo lawo lonse, ndipo madzi amene kale ankalowa m'kapinga wawo tsopano ankatulukira pa bowo la mpanda n'kulunjika kwathu. Sanachite mwadala, ndipo bwalo ndi lawo. Ndinapita Loweruka lina madzulo, titacheza za mpira ndi za mitengo ya zinthu ndinati, "Aneba, pali kankhani kena kamene ndimati tithandizane nzeru," n'kuwaonetsa kanema amene ndinajambula pa foni mvula ikugwa. Anaonera kawiri, n'kunena kuti, "Pepani bambo, ife sitinkadziwa kuti tikukuthirani chonchi." Tinagwirizana zomanga ngalande ya simenti m'mphepete mwa mpanda yopita kumsewu, iwo simenti, ine mchenga ndi mmisiri. Ndikanapita ndi ukali, mwina bwenzi nkhaniyi ili kwa amfumu kapena kukhonsolo mpaka lero.

Pofika mu Ogasiti ndinali ndi kope lodzaza, ndipo apa m'pamene ndinayamba kufunafuna woti agwire ntchito yaikulu, ya madzi a m'nthaka. Ndinalankhula ndi anthu anayi. Woyamba anandipempha zithunzi pa WhatsApp ndipo pasanathe ola ananditumizira mtengo, asanaponde pakhomo pathu, ameneyo sindinamuyankhenso. Wachiwiri anabwera ndi galimoto yolembedwa dzina la kampani ndi zidebe za mankhwala opaka m'kati, ndipo analankhula bwino kwambiri za gerenti ya zaka khumi. Nditamupempha kuti gerentiyo ailembe, ndiponso alembe chimene adzachite madzi akadzabwerera, anati zimenezo tidzakambirana ntchito ikatha. Kunena zoona, mankhwala amene ananyamula si achabe. Alipo osakaniza ndi simenti amene amagwira m'kati mwa khoma bwino kuposa phula, ndipo pamene kunja kuli kosatheka kukumba, monga pamene khoma lagundana ndi nyumba ina, amathandiza. Koma mankhwalawo sachotsa madzi kuseri kwa khoma, amangowatsekera komweko, ndipo matani aja amakhala akukankhabe. Nditamuonetsa kope langa analitsegula tsamba limodzi n'kulibweza.

Wachitatu ankafuna kuswa simenti ya pansi m'kati, kuika ngalande m'mphepete mwa khoma yopita ku kadzenje, ndi pampu yamagetsi yotulutsa madzi. Njira imeneyi ndi yodziwika ndipo m'malo athyathyathya, kumene madzi alibe kotsikira, nthawi zina palibe kuchitira mwina. Ine ndinaikana pa zifukwa ziwiri. Nthawi imene pampu ikufunika kwambiri, pa mvula yamkuntho, ndi nthawi yomweyo imene mitengo imagwera mawaya magetsi n'kuzima. Ndiponso nyumba yathu ili pamtsetse, kumene madzi angathe kutsika okha popanda wowakankha ngati atapatsidwa njira.

Wachinayi anali bambo wachikulire, wa kampani yaing'ono ya anthu osakwana khumi, amene anafika wapansi kuchokera pa siteji ya minibasi. Nditafuna kuwalowetsa m'chipinda chapansi anati, "Dikirani kaye bwana, tiyambe taona kumene madzi akuchokera, kumene akufikira tikuona pambuyo." Anazungulira nyumba kawiri, anayang'ana magata, anafunsa pamene pali sokawe ya chimbudzi ndi pamene padutsa mapaipi, anatsika mpaka kumpanda wakumunsi kukaona kumene madzi angatulukire osavutitsa aneba akumunsi. Kope langa anakhala nalo pansi pa mtengo wa mapeyala kwa theka la ola, akufunsa za masiku ena amene sindinalembe bwino. Pomaliza ananena mawu amene anandikopa kuposa gerenti iliyonse: anati ngodya yakumanja ndingathe kukonza ndekha ndi paipi yotalikitsa ndi mawilibala angapo a dothi, ndipo sakuona chifukwa choti andilipiritse pa zimenezo.

Ngakhale zinali choncho, sindinawapatse ntchito chifukwa cha kukoma kwa pakamwa. Ndinapempha kuona satifiketi yawo ya bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga la NCIC, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 ndipo nthawi imeneyo linkalembetsa makontilakitala. Satifiketi siimanga khoma, ndipo ndikudziwa amisiri aluso amene alibe pepala lililonse, koma pa ntchito yokumba mamita oposa 2 m'mbali mwa maziko a nyumba yogonamo anthu ndinkafuna munthu woti zikavuta ali ndi kumene ndingakamudandaulire. Ndinapemphanso kuti andionetse ntchito imene anagwira zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, osati ya mwezi watha, chifukwa ntchito yotseka madzi imaoneka yokongola nthawi zonse mvula isanaiyese. Ananditengera ku nyumba ina ya pamtsetse ku Namiwawa, ndipo ndinapempha mayi a pakhomopo kuti ndilankhule nawo patokha. Ndinawafunsa mmene chipinda chawo chinakhalira nthawi ya Freddy, ngati mtengo unasintha ntchito ili m'kati, ndiponso ngati bamboyo ankayankha foni atalandira ndalama. Anati mtengo unakwera pang'ono atapeza mwala pokumba, koma anauzidwa asanapitirize, ndipo chipinda sichinalowe madzi. Ndinanunkhiza ndekha m'chipindamo, chifukwa mphuno ndi yovuta kuinamiza.

Kotesheni yawo yoyamba inali ya mizere itatu, ndipo ndinaibweza kuti alembe chilichonse: kuya ndi kutalika kwa dzenje, mtundu ndi kukula kwa paipi, kuchuluka kwa miyala ya kwale, dzina la chinsalu cha phula ndi makulidwe ake, matumba a simenti, ndi amene adzalipire ngati aganyu aboola paipi ya madzi kapena ya chimbudzi. Mkulu wa kumpingo uja anawerenga pepalalo n'kuonjezera zinthu zitatu. Dzenje likumbidwe m'zigawo za mamita atatu, osati khoma lonse nthawi imodzi, ndipo lisapitirire kunsi kwa maziko. M'mbali mwa dzenje mutchingidwe ndi matabwa, pakuti dothi la mtunda woposa chifuwa cha munthu likagumuka limapha. Ndipo asakwirire chigawo chilichonse ine ndisanachione ndi kuchijambula. Pa za malipiro tinagwirizana kuti zipangizo tikagule limodzi ndipo malisiti akhale kwa ine, ndalama ya ntchito iperekedwe m'magawo atatu malinga ndi pamene afika, ndipo 10 peresenti itsale kwa ine mpaka dzinja limodzi litadutsa. Pa mfundo yomalizayi tinakanganapo pang'ono, koma anavomera, n'kunena kuti pa ntchito zikuluzikulu nawonso amawasungira chimodzimodzi.

Anayamba kukumba kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo zimene zinatuluka m'dzenjemo zinandiuza mbiri yonse ya nyumbayi. Kuseri kwa khoma kunalibe pulasitala, njerwa zootcha zinali zitagundana ndi dothi mwachindunji, kupatula pepala lakuda la pulasitiki limene linali litang'ambikang'ambika ngati sanza. Amene anakwirira anataya mmenemo zidutswa za njerwa, mapepala a simenti, botolo ndi nsapato imodzi. Paipi yochotsa madzi kunalibe ngakhale imodzi. Dothi la pansi penipeni, m'mwezi wouma ngati umenewo, linali lonyowa moti linkamata ku fosholo. Bambo aja anatola njerwa ina imene inagumuka, n'kuifinya m'manja mpaka inanyenyeka, ndipo anangopukusa mutu osanena kanthu. Njerwa zoterozo anazichotsa n'kuwaka zina.

Atatsuka khoma analipaka pulasitala wa simenti yokwanira ndi mchenga wa kumtsinje wosefa, ndipo pamene khoma limakumana ndi maziko anaumba kamtsetse ka simenti kuti chinsalu chisadzapindike pangodya yakuthwa. Anadikira kuti pulasitalayo aume bwino, ndipo masiku odikirawo ine ndinkaona ngati ntchito yaima, koma chinsalu cha phula sichimata pa khoma lonyowa. Kenako anapaka phula lamadzimadzi, n'kumata chinsalu chimene amisiri amachitchula kuti torch-on, chotenthetsa ndi moto wa gasi, zidutswa zake zikusanjikizana masentimita 10 polumikizira. Pamwamba pake anaika matabwa ofewa otchinjiriza kuti miyala isadzachiboole pokwirira. Pansi pa dzenje, m'mbali mwa maziko ndiponso motsika kuposa simenti ya m'chipinda, anayala nsalu yosefa dothi imene m'mashopu a zomangira amaitchula kuti geotextile, n'kuthira miyala, n'kugoneka paipi ya mamilimita 110 yokhala ndi timabowo. Ine ndinadabwa kuona timabowoto tikuloza pansi, ndipo ndinafunsa ngati mnyamatayo sanalakwitse. Bambo aja anaseka n'kunena kuti, "Madzi a m'nthaka sagwa kuchokera kumwamba, bwana, amakwera kuchokera pansi. Timafuna paipi iwalandire asanafike pa simenti yanu." Paipiyo inatsetsereka sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuzungulira ngodya ya nyumba mpaka kukatulukira pa ngalande yakumunsi, ndipo tisanakwirire tinathira ndowa zisanu kumtunda n'kuthamangira kumunsi kukaziona zikutuluka.

Pamwamba pa miyala anapinda nsalu ija, n'kutsekera ndi dothi la katondo lotsenderedwa bwino, kuti madzi a pabwalo asamalowe m'ngalande ya pansiyo. Bwalo analikweza kuti lizitsika masentimita pafupifupi 15 pa mamita atatu oyambirira kuchokera kukhoma, ndipo anawaka khonde latsopano. M'kati tinapala phula lonse la mnyamata uja, ntchito yotopetsa imene inatenga masiku anayi, ndipo khoma tinalisiya lopanda penti miyezi ingapo kuti litulutse chinyontho chimene linamwa kwa zaka zambiri. Ntchito yonse inatha pakati pa Okutobala. Patatha masabata atatu, mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya zomangira inalumpha. Sikunali kuchenjera kwanga, ndinangochita mwayi, ngakhale kuti 10 peresenti imene ndinawasungira bambo aja inachepa mphamvu ili m'manja mwanga.

Dzinja limene tinkayembekezera kuti liyese ntchitoyo silinabwere monga mwa nthawi zonse. Chinali chaka cha El Niño, mvula inadula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya chilala. Chipinda chinali chouma, koma ndani akanadziwa ngati chauma chifukwa cha paipi kapena chifukwa cha dzuwa? Mu Epulo bambo aja anabwera kudzatenga ndalama yawo, ndipo ine ndinayamba kunena kuti mvula sinagwe yokwanira kuyesa ntchito. Anandiyang'ana n'kufunsa modekha kuti, "Kodi pepala lija tinalemba kuti dzinja limodzi, kapena tinalemba kuti dzinja la mvula yambiri?" Analondola. Ndinawalipira tsiku lomwelo, n'kuonjezerapo pang'ono chifukwa cha kugwa kwa kwacha, ndipo iwo mwa kufuna kwawo analemba kuseri kwa pepalalo kuti adzabweranso kudzaona chaka chotsatira. Ndikanakhala kuti ndikulemba mgwirizano wotere lero, ndikanaika madzinja awiri, n'kugawa ndalama yotsalayo pawiri.

Dzinja la 2024 mpaka 2025 linagwa mvula yokwanira kundichotsa chikaiko. Tsiku lina mu Febuluwale, kutagwa mvula masiku atatu otsatizana, ndinatsika kumpanda wakumunsi n'kupeza paipi ija ikutulutsa madzi oyera mbee, okula ngati chala chachikulu, ndipo inapitiriza kutero mpaka mu Meyi, miyezi yomwe ija imene kale madziwo ankatulukira m'chipinda. Mizere ya pensulo ndinaisiya pa khoma lam'mbali osaipenta, kuti ndiziyerekeza. Pangodya yakumanzere, pamene masitepe a panja anatilepheretsa kukumba mpaka kumapeto, pamadabe kachibanga kokula ngati mbale ya ndiwo mvula ikachuluka, ndipo bambo aja atabwera monga analonjezera tinagwirizana kuti tikapake mankhwala a simenti aja m'kati, popeza kugumula masitepe chifukwa cha kachibanga kamodzi sikungapindule. Matumba a chimanga abwereramo, koma tsopano ali pa thandala la matabwa, kutali pang'ono ndi khoma. Kukamwa kwa paipi ndinamangako kawaya ka sefa nditapezamo achule awiri ndi chisa cha makoswe, ndipo mwezi wa Okutobala uliwonse, mvula isanayambe, ndimakachotsa kawayako n'kulowetsa ndodo kuona ngati mizu ya mtengo wa mapeyala yayamba kufikako.